Dothi Loyera Landichotsera Mkazi M'nyumba

Aphungu,

Ndayamba ndakupatsani moni. Ine kuno thupi lili bwino, ndipo chondisokoneza n'chomwecho, chifukwa thupi lili bwino koma mudzi wonse ukundilambalala ngati ndafa kale, angoiwala kundiika.

Amene akulemba apa si ine, ndi mayi Selina a pakashopu kolembera makalata pafupi ndi depoti ya basi. Ine ndikungoyankhula, iwo akugogoda pamakina. Mukaona nkhani yakhota, wakhota ndine.

Ndiyambire pati kodi? Ndiyambire pa dothi.

Kwathu kuli phiri lija amakumbako miyala yopangira feteleza. Ine ndinabadwira m'munsi mwake. Mvula ikagwa, madzi amatsika ndi dothi loyera n'kuliunjika m'khwawa, kunja kwa mpanda wa mgodi, kumene aliyense amadyetsako mbuzi. Sindinabe, pamenepo mulembe bwino, mayi Selina. Dothi limenelo n'lokongola, Aphungu, losalala ngati ufa wosefa, ndipo ukamakumba umapezamo timafupa ta mbalame ndi ta nsomba zakalekale. Ukathira m'munda, chimanga chimakula mopanda ulemu.

Nditafunsira Yustina, mwana wa a Gwandu, ndinati mkazi ameneyu sangalowe m'nyumba yofiira ngati ya wina aliyense. Njerwa zokha ndinaumba ndi dothi wamba lakumunda, chifukwa loyeralo siligwirana bwino. Koma kumata makoma, kunja ndi mkati, ndi kuzira pansi, zonsezo loyera lokhalokha. Ng'ombe zanga ziwiri zinakoka ngolo mpaka zinayamba kundiyang'ana moipa.

Mazenera sindinaike. Makolo athu ankagona m'nyumba zokumba pansi, ng'ombe mbali iyi, anthu mbali iyo, popanda ndi kabowo komwe, ndipo anafa ndi ukalamba. Zenera ndi khomo la udzudzu, la akuba ndi la anthu okonda kusuzumira. Mmisiri amene anandithandiza kumanga anasiya timabowo tiwiri pamwamba, ati ta mpweya. Atangochoka ndinatitseka ndi nsanza, n'kumatapo.

Nyumba inatuluka, Aphungu! Ndi magalimoto omwe a azungu opita kukaona nyama ankachepetsa liwiro. Apongozi anga a Gwandu anabwera, anaizungulira kawiri atatsamira ndodo, n'kunena kuti, “Mkamwini, nyumba iyi yayera ngati dzino la mwana. Nanga ine ndizigonabe m'chulu?” Mukudziwa mpongozi sapempha kawiri. Ndinatutanso dothi lomwelo n'kukawamatira nyumba yawo yonse ukwati usanachitike. Zimenezi muzisunge, tibwererakonso.

Tinakwatirana, tinakhala bwino chaka chathunthu, Yustina anaima. Pano mimba ili ndi miyezi isanu ndi umodzi, mwana wathu woyamba.

Ndiye titangokolola, linali Lachiwiri. Ayi, Lachitatu, chifukwa kunali msika wa ng'ombe. Kunabwera anthu a ku yunivesite, mayi wina wa magalasi ndi anzake awiri, akuyeza dothi m'minda yozungulira phiri. Anali ndi kabokosi kachikasu kokhala ndi chingwe. Ine ndi kamwa langali ndinati, “Mayi, mukufuna kuona dothi? Bwerani muone chimene munthu wanzeru amachita nalo.” Ndinawaitana ndekha, Aphungu. Palibe anandikakamiza.

Panjira kabokosi kankangoti te, kenaka kukhala chete, kenaka te, ngati nkhuku yokhuta ikutola mapira. Titafika pakhonde kanayamba kufulumira. Titalowa kuchipinda, eee, ngati chimanga chikuthetheka m'chiwaya! Ine ndinamwetulira, ndimati kakuyamikira.

Mayi uja sanamwetulire. Anafunsa kuti, “Bambo, dothi ili mwalitenga kuti?” Ndinawauza. Anati, “Mumagona muno?” Ndinati, “Nanga chipinda n'chochitira chiyani, mayi?” Anayang'ana khoma ili, khoma ilo, n'kufunsa kuti, “Mazenera ali kuti?” Ndinati, “Ali kwa anthu opanda chinsinsi.”

Anandikhazika pansi n'kundifotokozera. Ndinena mmene ndinamvera. Akuti m'miyala ya feteleza muli chitsulo china chotchedwa yureniyamu, sanaikemo munthu, chinalengedwera momwemo. Chimenecho chimatulutsa cheza chosaoneka ndi maso, komanso kampweya kopanda fungo kamene kamaunjikana m'nyumba yotseka. Anati, “Musachite mantha, kulira kwa kabokosi si chigamulo, tiyeza bwinobwino.” Anandisiyira kachikho kakuda ngati kosungira fodya wamphuno, akuti kakhale kuchipinda miyezi itatu, adzakatenga. Kameneko ndikukasamala kwambiri, popeza n'katundu waboma. Ndinakakulunga m'mapepala apulasitiki atatu n'kukatsekera m'sutikesi kuti kasalowe fumbi.

Zonsezi zikanathera pomwepo pakanapanda Amsi. Amsi ndi mnzanga wa pamowa, munthu woti akamva nkhani m'mawa, pofika masana yabereka ana. Anali ataima pakhomo. Mawu akuti musachite mantha sanawamve, anangomva kuthetheka. Dzuwa lisanapendeke, mudzi wonse unali utadziwa kuti Bura amagona pa bomba. Bura ndi ineyo. Ayi, dzinalo lisiyeni, mayi Selina, onse akundidziwa kale.

Nditapita kukamwa wamapira, Amsi anakuwa ndili patali kuti, “Aise, tabwera kuno undigwirire foni, yatha moto!” Wina anati, “Musiyeni, ameneyo sagulanso batire, akangotsegula kukamwa wailesi imalira.” Mayi wogulitsa mowa anati, “Ukakodzere kutali, ungandiwotchere nthochi.” Ndinaseka nawo, koma ndinaona kuti chipanda chikafika pa ine chikudumpha.

M'mawa mwake apongozi anafika. Sanalowe, anaima m'malire a munda. Anati, “Bura mwana wa Qamara, chimene chalowa m'nyumba mwako sitikuchidziwa dzina, ndipo chopanda dzina n'choipa kuposa chokhala nalo. Kuyambira lero uli pa meeta.”

Inu a m'tauni mwina simudziwa. Kwathu munthu akakhudzidwa ndi choipa, monga kukhetsa magazi kapena kuferedwa mwanjira yosayenera, amapatulidwa kwa kanthawi. Salowa m'nyumba ya mnzake, sadyera mbale imodzi ndi anthu, sapatsana kanthu pamanja. Ndiye meeta imeneyo. Masiku ano ambiri anaisiya, koma a Gwandu sanasiye kanthu chibadwire, ndi malaya omwe amavala ndi a chaka cha njala.

Anaitana Yustina kuti atuluke mmene analili. Zovala, miphika, zonse anati zitsale. Ine ndinati, “Koma apongozi, kwanu komwe mukupita nayeko ndinamata ndine, dothi lake lomweli.” Iwo anati, “Kwanga kabokosi kanalira?” Ndinati, “Sikanafikeko.” Anati, “Ndiye kwanga kuli bwino. Ndipo ukadzakalondolera njira ya kwanga, ukwati watha, ng'ombe zako zamalowolo uzidzangozimva kulira m'khola langa.”

Chigamulo chawo n'chakuti ndigwetse nyumba yonse, ndiphe nkhosa yoyeretsera malo, ndimange ina yofiira, ndiye Yustina abwerere. Apo ayi, mwana adzabadwira kwawo, adzakulira kwawo, ine ndizidzamuona ngati mmene timaonera mwezi.

Papita milungu isanu. Pamowa andipatsa chitini changachanga, Amsi anachilemba mtanda ndi choko. Kutchalitchi benchi yonse ndi yanga, ndikhoza kugonapo. Ndimangokhala m'nyumba chitseko chili chotseka, kusuta fodya wanga wopichira n'kumaganiza. Kale ndinkasutira panja chifukwa Yustina ankandithamangitsa.

Koma mkazi wanga amandikonda, Aphungu, umboni ndili nawo. Chiimireni amalakalaka dothi, monga amachitira amayi ambiri apakati. Ali kuno ankakokota khoma kuseri kwa chitseko mpaka anaboola kadzenje ngati mbewa. Nditamufunsa anati, “Inu, si ine, ndi mwana wanuyu akulawa nyumba ya bambo ake.” Pano popeza sitingapatsane kanthu pamanja, ndimagumula kachidutswa ka khoma, kukulunga m'nyuzipepala, n'kukasiya paphanda la mkuyu wa panjira yakumjigo. Iye amakatenga popita kotunga madzi. Tsiku lina tinaonana, iye tsidya la munda, ine tsidya lino. Anakuwa kuti, “La kwa bambo silikoma, munalisakaniza ndi ndowe! La kuchipinda kwathu ndiye lonuna, musandimane!” Ndinalira, Aphungu. Mayi Selina asiya kugogoda, akundiyang'ana, kaya n'chifukwa chiyani. Lembani, mayi.

Ndiye mundithandize. Kodi chinthu chimenechi ndachitengera m'thupi moti ndikagwira munthu ndimupatsira? Kodi mwana wanga adzabadwa bwino, kapena adzakhala wowala monga akunenera Amsi? Nyumba ndigwetse? Ndinaimanga ndi msana wanga, ina sindingaikwanitse mwana asanabadwe. Nanga nkhosa ija imathadi kuletsa kabokosi kulira? Ngati imatha, ndiphe mawa.

China chaching'ono, ndinatsala pang'ono kuiwala. Dothi lija ndizimutumizira lochuluka bwanji pa mlungu? Chifukwa mmene akudyeramu, apongozi sadzafunikanso kugwetsa khoma.

Ndine wosweka mtima,
B.Q., Babati

A B.Q.,

Mayi Selina anasiya kugogoda chifukwa anamva chimene inu simunamve. Mwandifunsa mafunso asanu, ndipo limene mwati laling'ono ndilo landidumphitsa pampando. Dothi lotumiza kwa Yustina pa mlungu likhale lopanda ndi kachidutswa komwe. Lero lomwe, musanamalize kuwerenga yankho lino, mkuyu uja usiye kugwira ntchito ya positi ofesi.

Mverani chifukwa chake. Cheza chochokera m'khoma chimakupezani pang'onopang'ono muli kunja kwake. Koma munthu akadya khomalo, walowetsa gwero lake m'mimba. Dothi la miyala ya feteleza limakhalanso ndi zitsulo zina zosafunika m'thupi, ndipo lanulo latengedwa m'khwawa modyera mbuzi, ndiye onjezanipo mazira a njoka zam'mimba. Mayi wapakati akamalakalaka dothi chonchi, nthawi zambiri thupi likunena kuti magazi achepa, ndipo dothilo limawachepetsanso. Mudzi wonse wakupatulani poopa dzanja lanu, limene lilibe kanthu, pomwe kaphukusi ka m'nyuzipepala kakudutsa malire mwaufulu. Uthenga umufike Yustina kuti apite kusikelo mlungu uno, akawauze anamwino zoona zake, dothi lanji, kuyambira liti, lochuluka bwanji. Akamuyeza magazi ndi kumupatsa mankhwala owonjezera magazi. La kwa bambo akelo, lonuna kapena losanuna, nalonso asalilawe. Ngati mukufuna kumuonetsa chikondi, paphandapo pazikhala mazira, nyemba ndi chiwindi.

Za mwana, sindine mlauli ndipo sindinamuyeze, koma musadzizunze. Sadzawala. Amsi adzigulire yekha tochi. Amayi ambiri amene anadyapo dothi amabereka ana abwinobwino, makamaka akasiya msanga ndi kumapita kusikelo.

Inu simupatsira aliyense. Cheza chimenechi si chimfine kapena mphere. Sichikhala pa dzanja, pa chipanda kapena pa benchi ya kutchalitchi. Mukatuluka m'nyumba, kusamba ndi kuchapa zovala zafumbi, mwachisiya kumbuyo. Dothi lililonse padziko lili nacho pang'ono, lakwanulo lili nacho chochulukirapo, kusiyana kwake n'komweko. Kuopsa kwake si kwa lero kapena mawa, n'kwa zaka zambiri, ndipo kumakonda mapapo. Kampweya kamene anakuuzani mayi wa magalasi, kotchedwa radoni, kakakumana ndi utsi wa fodya m'chifuwa chimodzi, awiriwo amagwirizana kuposa inu ndi Amsi, ndipo mwana wawo ndi khansa. Ndiye inu mwasankha kukhala m'chipinda chopanda bowo, chitseko chotseka, n'kumasuta. Yustina pokuthamangitsirani panja uja anali dokotala wanu.

Nyumba musagwetse, makamaka zotsatira zisanatuluke. Mwanena nokha kuti njerwa ndi za dothi wamba, loyeralo ndi malaya chabe. Munthu malaya ake akada samudula mutu. Yambani ndi nsanza zija, zituluke m'mabowo. Kenaka itanani mmisiri yemwe uja, mumupepese, aboole mazenera awiri oyang'anizana kuti mphepo izilowa uku n'kutulukira uko. Udzudzu uli ndi neti yake, akuba ali ndi zitsulo zawo, osuzumira muwagulire katani. Makolo anu anagonadi mopanda zenera, koma sanamate zipinda zawo ndi zotsalira za phiri la feteleza.

Zomata zamkati mupale, ndi pansi pomwe. Muyambe mwanyowetsa kuti pasabuke fumbi, mphuno ndi pakamwa mumange nsalu, ndipo Yustina asayandikire n'komwe kufikira mutamaliza ndi kukolopa. Zopalazo musathire padimba la ndiwo kapena pabwalo posewerera ana, funsani azaumoyo a kuboma kokazitaya. Mukatero mumate ndi dothi lofiira lomwe munkalinyoza lija, ndipo mukapeza mphamvu pansi muike simenti. Mukafuna kuti azungu azichepetsabe liwiro, laimu alipo m'sitolo.

Tsopano kachikho kaboma. Mwakasamala bwino kwambiri moti kwa milungu isanu kakhala kakuyeza mpweya wa m'sutikesi mwanu. Ntchito yake n'kununkhiza chipinda, inu mwakamanga mphuno katatu. Pezani eni ake, ofesi ya mudzi iyenera kukhala ndi nambala yawo, muwauze zimene munachita osachita manyazi. Iwo ndiwo anene ngati kagwirebe ntchito kapena abweretse kena. Muwauzenso za mazenera ndi zopala khoma, ndipo muwapemphe adzayezenso mukamaliza, kabokosi kachikasu kaja kalire kapena kakhale chete pamaso pa anthu. Zotsatira akupatseni papepala.

Apongozi anu musalimbane nawo. Pa zifukwa zolakwika anachita chinthu chimodzi cholondola, anatulutsa mayi wapakati m'chipinda chopanda mpweya. Koma anamulowetsa m'nyumba yomatidwa ndi dothi lomwelo, ndipo kusafika kwa kabokosi si umboni wakuti kuli bwino. Munthu amene sanapite kuchipatala sitinena kuti ndi wathanzi, timangoti sanayezedwe. Musapite nokha, mwawopsezedwa kale ndi ng'ombe. Tumani wamkulu amene a Gwandu amamumvera, akawauze kuti nkhani si ya mkamwini, ndi ya mdzukulu wawo amene akugona m'makoma amenewo asanabadwe n'komwe. Mayi wa magalasi akadzabwera, akayezenso kumeneko. Kakakathetheka, musaseke. Lumani lilime, yang'anani pansi, mudzipereke kukawapalira khoma monga munadziperekera kuwamatira. Ubwino wake, nonse awiri mukakhala pa meeta, palibenso choletsa kudyera mbale imodzi.

Nkhosa siletsa kabokosi kulira, ingakhale yonenepa bwanji. Koma imaletsa apongozi kulira, ndipo imeneyonso ndi ntchito. Muiphe mazenera atatseguka, khoma litapalidwa, pepala la zotsatira lili m'thumba. Amsi mumupatse nyama m'chitini chija anachilemba mtanda.

Chenjezo langa ndi ili, a B.Q. Yustina adzakuwanso tsidya la munda kuti musamumane, mwina adzalira, mwina adzati simumukonda. Mwana ali m'mimbayo sangakuwe. Pa awiriwo, mverani amene ali chete.

Aphungu